DZINO LOKHOMERA M'FUPA: KODI LIMAKHALA ZAKA ZINGATI?

Nkhani yokambirana ndi amayi pa sikelo ya ana

Tikuthokozani pobwera ndi ana anu kuno ku sikelo, makamaka inu amene mwalaŵira m'mamaŵa ndi kuyenda mtunda wautali mwana ali kumsana. Masiku ambiri tikakumana pano timakambirana za phala la mwana, za katemera, za malungo ndi za kutsekula m'mimba. Lero, ana asanayambe kukwera sikelo, tifuna tikambirane za m'kamwa mwanu inu eni ake, pakuti mayi amene dzino lamugoneka pansi saphika, sapita kudimba, ndipo ngakhale kuyamwitsa amayamwitsa nkhope ili yakugwa.

Nkhani yake yachokera kwa inu nomwe. Kuno ku Mangochi, kuyambira ku Makanjira, ku Malindi, ku Namwera mpaka ku Monkey Bay, mabanja ambiri ali ndi mbale wawo ku Joni. Abale athu aja akabwera kudzacheza, kapena akaimba foni, amasimba zimene aona kumeneko, ndipo china mwa izo ndi dzino loikirira losavula usiku, lokhomedwa m'fupa lenilenilo. Mayi wina amene anazulidwa mano aŵiri akutsogolo anafunsa chotere: "Bambo akunyumba akuti ndipite akandiikitse dzino lachitsulo, ati limenelo silitha mpaka munthu kufa. Kodi nzoona, kapena tingotaya ndalama?" Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mosabisa, chifukwa ndalama za dzino limodzi lotere zingathe kugula malata ofolera nyumba, ndipo amene anazisunga ndalamazo anazikhetsera thukuta kuchilendo.

Yankho lake ndi ili. Dzino lotere lingathe kukhala zaka 20, zaka 30, kapena kuposa pamenepo. Komanso lingathe kugwedera chaka chisanathe. Chimene chimasiyanitsa kwambiri si chitsulocho ai. Zimasiyanitsa ndi nkhama ndi fupa zimene zagwira chitsulocho, ndiponso mmene mwini wake akuzisamalira.

MANO OIKIRIRA ALIPO A MITUNDU ITATU

Poyamba tisasokoneze zinthu. Munthu akati "mano oikirira" angathe kunena chimodzi mwa zinthu zitatu. Pali mano ovula, opangidwa ndi pulasitiki, amene munthu amavala usana ndi kuvula pogona. Ameneŵa ndiwo otsika mtengo, koma pakapita zaka 5 kufikira 10 amayamba kukhwepa, chifukwa pamene panazulidwa dzino fupa limanka liphwa, ndipo mano aja sakhalanso bwino; pamenepo afunika kukonzedwa kapena kupangitsa ena. Pali mano a mlatho: dokotala amapala mano aŵiri oyandikana ndi gweru lija, nayalapo dzino latsopano lotsamira mbali zonse ziŵiri, monga mlatho wa pa Shire pa Boma paja unatsamira tsidya lino ndi tsidya lija. Mlatho wotere kaŵirikaŵiri umafika zaka 10 kapena kuposa, malinga ngati mano otsamirawo sanaole. Ndiye pali mtundu wachitatu, umene madokotala amautcha implant, ndipo ife lero tiutcha dzino lokhomera.

Dzino lokhomera lili ndi muzu ndi mutu. Muzu wake ndi kabawuti kamazinga, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kopangidwa ndi chitsulo chotchedwa titaniyamu. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, amaboola fupa la nsagwada, naloŵetsamo kabawuti kaja. Kenaka, nthaŵi zambiri, munthu amadikira miyezi 3 kufikira 6 kuti fupa limere ndi kugwira chitsulo. Likagwira, pamwamba pake amamangirirapo mutu woyera wooneka ngati dzino, wopangidwa ndi dothi lolimba lofanana ndi la makapu a tiyi. Chotero si ntchito ya tsiku limodzi. Munthu amapita kwa dokotala maulendo angapo.

Nzeru imeneyi inatulukiridwa mwangozi. M'chaka cha 1952 dokotala wina wa ku Sweden, dzina lake Per-Ingvar Brånemark, ankafufuza mmene magazi amayendera m'kati mwa fupa. Anaika kachipangizo ka titaniyamu m'fupa la mwendo wa kalulu kuti azisuzumira m'katimo. Ntchito itatha anafuna kuchotsa kachipangizo kake, koma kanakanika kuchoka: fupa linali litamera ndi kukakamira kuchitsulo ngati kuti ndi thupi limodzi. Mu 1965, mumzinda wa Gothenburg, Brånemark anakhomera mizu inayi yotere m'nsagwada ya m'munsi ya bambo wina wotchedwa Gösta Larsson, amene anabadwa ndi nsagwada yopunduka ndipo analibe mano a m'munsi. Bambo ameneyu anamwalira mu 2006 mizu ija ikugwirabe ntchito, patapita zaka 40. Madokotala a maiko ena anachedwa kukhulupirira, mpaka pamene anaona umboni wake pa msonkhano wa ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1982, ndipo kuyambira pamenepo njirayi inafala pa dziko lonse. Choncho amene akunena kuti dzino lotere lingathe kufika tsiku la maliro a mwini wake sakunama kotheratu. Kungoti akunena theka la nkhani.

ZAKA ZAKE

Madokotala a m'maiko osiyanasiyana akhala akulondola anthu amene anaikidwa mano otere, ndipo chimene apeza ndi chakuti mwa mano 100 okhomera, oposa 90 amakhala akadali m'kamwa patatha zaka 10. Chiŵerengero chimenechi nchabwino ndithu. Koma pali zinthu zitatu zimene wogulitsa nkhani sanena.

Choyamba, muzu ndi mutu sizikalamba pamodzi. Muzu ukhoza kukhala zaka zambiri, koma mutu, umene umatafuna tsiku ndi tsiku, umaperepeseka, umabenthuka, kapena kabawuti kakang'ono koumangirira kamamasuka. Kwa anthu ambiri mutu umafuna kukonzedwa kapena kusinthidwa pakati pa zaka 10 ndi 15, ndipo imeneyo ndi ndalama ina. Mayi wa zaka 30 amene aikitsa dzino lero ayembekezere kudzalipiranso kamodzi kapena kaŵiri asanakalambe.

Chachiŵiri, kukhala m'kamwa si kukhala bwino. Mwa anthu asanu amene ali ndi mano okhomera, pafupifupi mmodzi amadzadwala matenda odya fupa lozungulira muzu uja. Dzino limakhala liripo, limaŵerengedwa pamodzi ndi amoyo, koma m'tsinde mwake mukutha.

Chachitatu, ziŵerengero zija zinatengedwa makamaka kwa anthu okhala pafupi ndi dokotala wa mano, amene amapita kukaonetsa ndi kukatsukitsa kamodzi kapena kaŵiri pa chaka. Mayi wa ku Makanjira amene dokotala wake ali ku Johannesburg sangadziŵerengere pamodzi ndi iwo mosaganizira. Za mtunda umenewu tikambanso kutsogoloku.

CHIMENE CHIMAGWETSA DZINO LACHITSULO

Inu a kunyanja mumalidziŵa thandala loyanikira usipa. Mukazika mizati yamitengo, chiswe chimaidya, thandala nkugwa. Wina nkunena kuti, ine ndatopa ndi chiswe, ndizika mizati yachitsulo. Inde, chiswe chalephera. Koma madzi akakwera, monga tinaonera mu 2024 pamene nyanja inasefukira ndi kuloŵa m'nyumba za m'mbali mwa gombe, mafunde amakokolola mchenga m'tsinde, ndipo mzati wachitsulo uja umapendekeka ndi kugwa chimodzimodzi, uli wathunthu, wosadyeka pena paliponse. Dzino lokhomera liri chomwecho. Silingaole, silingabooke. Koma mchenga wake ndi fupa la nsagwada, ndipo fupalo lingathe kukokoloka.

Chimene chimakokolola ndi litsiro loyera lomata limene limayanga m'mphepete mwa mano, paja pokumanira dzino ndi nkhama. Mukapala ndi chikhadabo m'maŵa mudzaliona. Litsiro limenelo si nsima yotsalira chabe ai. Ndi mudzi wa tizirombo tosaoneka ndi maso. Tikakhalitsa pamenepo nkhama zimafiira, zimatupa, ndipo zimatuluka magazi munthu akamatsuka kapena akaluma mango. Pa nthaŵi imeneyi matenda akadali m'nkhama mokha, ndipo kutsuka bwino pamodzi ndi thandizo la kuchipatala kumawathetsa. Koma akalekereredwa, litsiro lija limauma ngati mwala, tizirombo timatsikira pansi motsata mazinga a kabawuti, ndipo fupa limayamba kusungunuka pang'onopang'ono. M'kamwa mumanunkha, nthaŵi zina mafinya amatuluka munthu akasindikiza nkhama, ndipo chitsulo chimayamba kuonekera. Fupa limene latha chotere nlovuta kulibweza.

Apa mvetsetsani, chifukwa ndi pamene ambiri amanyengeka. Dzino limene munabadwa nalo silinakhomedwe m'fupa ngati msomali. Linamangiriridwa ndi timitsempha tambirimbiri ting'onoting'ono, timene timachita ngati kamtsamiro munthu akaluma cholimba, timabweretsa magazi olimbana ndi tizirombo, ndiponso timamva. Ndi chifukwa chake kamchenga kakang'ono kakaloŵa m'nsima mumakamva nthaŵi yomweyo. Dzino lokhomera lilibe timitsempha timeneti. Silimva bwino kulemera kwa chimene mwaluma, ndipo kaŵirikaŵiri silipweteka matenda akamayamba. Dzino lachibadwa limalira likadwala. Lachitsulo limadwala mwakachetechete. Munthu amadzadzidzimuka likugwedera, ndipo muzu wachitsulo umene wagwedera sumangikanso, umangochotsedwa. Komabe mukamva kugwedera musataye mtima musanapimidwe, chifukwa nthaŵi zina umene wamasuka ndi mutu wokha, ndipo umenewo dokotala amaumanga msanga. Chofunika ndi kusatafunira mbali imeneyo ndi kusachedwa.

Tsono dzifunseni: kodi dzino langa loyamba lija linachoka chifukwa chiyani? Ngati linathyoka pa ngozi ya njinga, nkhama zanu zili zolimba, mwayi wanu ngwaukulu. Koma ngati linagwedera lokha chifukwa cha chiseyeye, dziŵani kuti tizirombo timene tinagwetsa loyamba tikadali m'kamwa momwemo, ndipo tikudikira lachiŵiri. Anthu amene anataya mano chifukwa cha matenda a nkhama ndiwo amene mano awo okhomera amavuta kwambiri. Dokotala wodziŵa ntchito yake sakhomera chitsulo m'kamwa motuluka magazi. Amayamba wachiza nkhama.

Pamenepa tinenepo za mawu amene timawamva kwambiri pa sikelo, akuti mwana aliyense amachotsa dzino limodzi la mayi wake, ati chifukwa mwana ali m'mimba amayamwa mphamvu ya m'mano. Zimenezo si zoona. Mwana satenga kanthu m'mano mwanu. Chimene chimachitika ndi chakuti mayi akakhala ndi pakati nkhama zake zimatupa ndi kutuluka magazi msanga kuposa nthaŵi zina. Masanzi a miyezi yoyamba amakhala ndi asidi wofeŵetsa mano. Ndipo mayi wotopa, poona magazi pa mswachi, amaleka kutsuka poganiza kuti akudzipweteka. Kulekako ndiko kumachotsa dzino. Mayi woyembekezera angathe kutsukidwa mano, kumatidwa, ngakhale kuzulidwa ngati kuli kofunika, malinga auze dokotala kuti ali ndi pakati. Koma kukhomera dzino si ntchito yofulumira, chotero imadikira mpaka mayi atachira.

Mdani wachiŵiri ndi fodya. Fodya amachepetsa magazi ofika ku nkhama, motero bala limachedwa kupola ndipo fupa siligwira bwino chitsulo. Kwa anthu osuta, mano okhomera amalephera pafupifupi kuŵirikiza kaŵiri poyerekeza ndi osasuta. Choipa china nchakuti nkhama za wosuta sizituluka magazi msanga, ndiye matenda amabisala. Amayi ena adzati, ife sitisuta, osuta ndi abambo. Nanga fodya uja woika kunsi kwa mlomo, amene ena amamubisa pa mfundo ya chitenje? Ameneyo amakhala pa nkhama penipenipo, amazidya, ndiponso amayambitsa khansa ya m'kamwa. Amene afuna dzino lokhomera ayambe waleka fodya wa mtundu uliwonse.

Matenda a shuga nawo ali ndi mbali yaikulu. Shuga akakwera m'magazi mabala sapola msanga ndipo tizirombo timaswana. Wodwala shuga amene amamwa mankhwala ake mokhulupirika, shuga wake ali m'malo mwake, angathe kuikidwa dzino ndi kukhala nalo bwino. Amene shuga wake amangokwera ndi kutsika akutaya ndalama. Ndipo popeza ambiri ali ndi shuga osadziŵa, nkwabwino kuyezetsa magazi musanayambe ulendo. Chimodzimodzi amene ali ndi kachirombo ka HIV: ngati akumwa ma ARV mwandondomeko ndipo chitetezo cha m'thupi chili bwino, mano okhomera amagwira monga kwa wina aliyense. Musabise matenda anu kwa dokotala wa mano, ngakhale mankhwala amene mukumwa. Makamaka amene analandirapo chithandizo cha khansa ya m'mutu kapena ya m'khosi, ndi amene amalandira mankhwala olimbitsa mafupa, anene poyera, chifukwa kwa iwo kuboola nsagwada kungathe kubweretsa bala losapola.

Palinso nkhanza zimene timachitira mano athu. Kutsekula botolo ndi mano, kudula ulusi wa ukonde, kuswa mafupa a nyama, kukukuta chimanga chokazinga chouma gwa, kusenda nzimbe ndi mano akutsogolo: dzino lachibadwa limapirira zina mwa izi chifukwa cha kamtsamiro kake kaja, koma lokhomera limalandira nkhonya yonse. Mutu umasweka, kabawuti kamathyoka. Ena amakukuta mano ali m'tulo osadziŵa. Funsani amene mumagona nawo chipinda chimodzi. Kwa otere dokotala amapanga kachophimba kapulasitiki kovala usiku.

Za fupa lenilenilo tinene mwachidule. Dzino likazulidwa, fupa la pamalopo limaphwa msanga, makamaka m'miyezi yoyambirira, ndipo pomatha chaka lingathe kuchepa m'mimba mwake pafupifupi ndi theka. Gweru la zaka zambiri nthaŵi zina silikhala ndi fupa lokwanira, mpaka dokotala ayambe waonjezera fupa, imene ndi ntchito ina ndi mtengo wina. Fupa la nsagwada ya m'mwamba chakumbuyo ndi lofeŵa kuposa la m'munsi chakutsogolo, chotero malo a dzino nawo amasiyanitsa. Zonsezi zimaoneka pa chithunzi cha ekisire. Amene afuna kukuboolani asanakujambuleni, muthaŵeni.

MTUNDA WA PAKATI PA INU NDI DOKOTALA

Tibwerere tsono ku funso la mayi uja, chifukwa kwa ife kuno vuto lalikulu lagona pano. Mu 2019 madokotala a mano m'dziko lonse la Malaŵi sanali kukwana 50, pa anthu oposa 17 miliyoni, ndipo ambiri a iwo anali m'mizinda. Chaka chomwecho sukulu ya College of Medicine ku Blantyre, imene mu 2021 inakhala gawo la Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano kwa nthaŵi yoyamba m'dziko muno, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Zinthu zikusintha, koma mtengo wobzalidwa dzulo sukhala ndi mthunzi lero. M'zipatala za m'maboma amene amatithandiza kwambiri ndi anzathu ophunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kupima, kutsuka, kumata ndi kuzula. Kukhomera mano kumachitika m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu ndi kunja kwa dziko lino.

Tsono taganizani. Mwaikitsa dzino ku Joni, mwabwerera kumudzi. Patapita zaka zitatu kabawuti ka mutu kamasuka. Ndi ntchito yaing'ono, ya mphindi zochepa, koma makampani opanga mano otere ngambiri, ndipo aliyense ali ndi mabawuti ake ndi zomangira zake. Dokotala wa ku Blantyre, ngakhale wodziŵa chotani, ngati sadziŵa kuti muzu umene uli m'kamwa mwanu ngwa kampani iti, adzavutika kukuthandizani. Nthaŵi imeneyo nkuti mwina bambo aja atabwerako ku Joni, pasipoti itatha, ndalama ya basi palibe. Kanthu kakang'ono kosakonzedwa kamasanduka kakakulu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanakhale pa mpando wa dokotala, funsani kuti ulendo wonse utenga miyezi ingati ndipo mudzabwera kangati. Funsani ngati mtengo umene watchulidwa ngwa muzu wokha kapena pamodzi ndi mutu. Funsani kuti likalephera kugwira m'miyezi yoyamba adzachita chiyani, ndipo adzalipira ndani. Koposa zonse, pemphani kuti akulembereni pa pepala dzina la kampani imene inapanga muzuwo, kukula kwake, tsiku limene unaikidwa ndi malo ake m'kamwa, akupatseninso chithunzi cha ekisire. Pepala limenelo lisungeni m'buku lanu la kuchipatala, monga mumasungira buku la sikelo la mwana. Ndipo ngati muona kuti simudzatha kukaonetsa dzinolo kwa dokotala wa mano kamodzi pa chaka, musachite manyazi kusankha mano ovula. Ndi otsika mtengo, amakonzeka pafupi, ndipo akakanika sasiya bala m'fupa. Kwa mayi wokhala kutali ndi tauni, nthaŵi zambiri ndiwo anzeru.

NANGA ANA ATHU?

Mayi wina adzafunsa kuti, mwana wanga wagwa mumtengo wa mango, dzino lakutsogolo lachoka, kodi angamukhomere lachitsulo? Iai. Nsagwada ya mwana ikukula, ndipo mano achibadwa amayenda pamodzi nayo. Koma muzu wachitsulo umaima pamene unakhomedwa, ndipo pakapita zaka umaoneka ngati wamira, anzake atausiya. Ndi chifukwa chake madokotala amadikira mpaka munthu atasiya kukula, pa zaka 18 kapena kuposa. Mwana amene wataya dzino lachikulire ali ndi zaka 9 adzakhala nthaŵi yaitali akudikira, fupa likuphwa.

Chotero dziŵani chochita pa ngozi yotere, pakuti dzino lakelo lingathe kubwezeredwa. Ngati ndi dzino lachikulire, amene akutsogolo amamera mwana ali ndi zaka 6 kufikira 8, litoleni pogwira mutu wake, osati muzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera, osalipala, osalikwecha ndi sopo, chifukwa timitsempha tija tikadali pa muzupo ndipo ndi timene tidzaligwiritse. Libwezereni pamalo pake mosakakamiza, mwana alume kansalu koyera, ndipo thamangirani kuchipatala. Mukalephera kulibwezera, liikeni m'kapu ya mkaka, kapena m'malovu a mwana yemweyo. Musalikulunge pa pepala kuti liume. Nthaŵi ndi yochepa: likauma koposa ola limodzi mwayi umachepa kwambiri. Koma ngati ndi dzino laubwana, monga a ana amene muli nawo pamiyendo panowa, musalibwezere, chifukwa mungapweteke dzino lachikulire limene likukula pansi pake. Pitani nayeni mwanayo akamuone basi.

Mano aubwana alipo 20. Amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo amakwanira pofika zaka zitatu. Ambiri timawanyoza poti adzaguluka okha. Koma mano ameneŵa ndiwo amasungira malo mano achikulire, ndipo akaola ndi kuzulidwa nthaŵi isanakwane, otsatira amamera mopanikizana, movuta kutsuka. Palinso dzino lina limene amayi ambiri amanyengeka nalo: pa zaka 6, kumbuyo kwenikweni, kumamera dzino lalikulu lotafunira popanda lina kuguluka. Limenelo ndi lachikulire, silidzameranso lina. Chimene chimaononga mano a ana ndi shuga wapafupipafupi: maswiti, mabisiketi, zakumwa zotsekemera, ndiponso tiyi wa shuga woikidwa m'botolo kuti mwana agone akuyamwa. Usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe, masamba, nyemba ndi nsinjiro zimamanga mafupa ndi mano, ndipo ife a kunyanja tili nazo pakhomo.

KATSUKIDWE

Katsukidwe ndi kamodzi komweko, kaya dzino nlachibadwa kaya nlachitsulo. Tsukani kaŵiri pa tsiku, m'maŵa ndi usiku pokagona, ndipo kwa usikuko ndiko kofunika koposa, chifukwa munthu akagona malovu otsuka m'kamwa amachepa. Gwiritsani ntchito mswachi wofeŵa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi. Lozetsani mswachi paja pokumanira dzino ndi nkhama, ndipo yendetsani pang'onopang'ono kunja, m'kati ndi pamwamba, kwa mphindi ziŵiri. Mukatha lavulani, koma musachukuche ndi madzi ambiri, kuti mankhwala atsalire pa mano. Mukaona magazi musaleke. Pitirizani mofatsa, ndipo akapitirira masabata aŵiri bwerani kuchipatala. Amene ali ndi dzino lokhomera kapena mlatho ayeneranso kuyeretsa m'mipata tsiku ndi tsiku, ndi ulusi wake wa mano kapena timiswachi ting'onoting'ono timene dokotala adzamuonetse.

Ngati mswachi wa kusitolo palibe, wa kamtengo ulipo, ndipo anzathu achisilamu amaudziŵa bwino kuyambira kale. Kanthambi kakaŵisi ka nimu kotafunidwa kunsonga mpaka kufeŵa kamachotsa litsiro bwino ndithu, malinga mufike nako mano akumbuyo ndi m'kati momwe, ndi kudula nsonga yakale kaŵirikaŵiri. Koma makala, phulusa ndi mchenga zisiyeni. Zimayeretsa lero, koma zimapala dzino, ndipo pa dzino loikirira zimasiya mikwingwirima imene litsiro limakakamiramo. Mwana yambani kumutsuka dzino loyamba likangotuluka. Wosakwana zaka zitatu muikireni mankhwala ochepa ngati njere ya mpunga. Wa zaka 3 kufikira 6, ngati njere ya nandolo. Mutsukeni inu nomwe, mutamukhazika pamiyendo mutu wake utatsamira pachifuŵa panu, mpaka atafika zaka 7 kapena 8, ndipo aliyense m'nyumba akhale ndi mswachi wake.

Tsopano tiyamba kuyeza ana. Mayi aliyense amene nkhama zake zimatuluka magazi, amene ali ndi dzino logwedera kapena lobooka, amene ali ndi chilonda cha m'kamwa chimene chatha masabata aŵiri chisanapole, ndiponso amene anaikitsa kale dzino kwina ndipo sanalionetsepo, atsalire mwana akatha kukwera sikelo. Timuona m'kamwa ndi kumulembera m'buku kuti akaonane ndi a mano pa chipatala chachikulu cha Mangochi pa Boma. Zimene zingakanike kumeneko adzazitumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Pokweza mwana pa sikelo, tukulani mlomo wake wam'mwamba kuti ife tione mano akutsogolo: tikufuna timizere toyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, chifukwa kuola kumayambira pamenepo. Konzani mabuku a ana, tiyambire mzere wa kuno.